Ulendo wa Achemwali wa ku Likoma

Inu mukukambirana za kupita kunyanja mwezi wamawa, mwandikumbutsa achemwali anga. Siyani kaye zimenezo, senderani kuno mundimvere. Nkhaniyi sindiikamba kawirikawiri, chifukwa ndikaikamba ndimatha sabata yonse ndili wokwiya.

Ine ndine Lufina, telala wa pa Chinamwali, ku Zomba konkuno. Achemwali anga aakulu anali a Esinala. Anakwatiwa ndi a Makwinja, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki m'boma mpaka kupuma. Pabanja anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo achemwali anapempha chinthu chimodzi chokha kwa amuna awo, chakuti adzawatengereko ku Likoma.

Chilakolako chimenechi chinayamba ali mtsikana. Kusukulu anali ndi mnzawo wa kuchilumbako amene ankawauza za tchalitchi chachikulu cha miyala, za milambe yomera mpaka m'mphepete mwa madzi, ndi za madzi oyera oti munthu ataima mpaka m'khosi amaonabe zala zake zakuphazi. A Makwinja powafunsira analonjeza kuti akangokwatirana, ulendo woyamba ndi umenewo.

Achemwali anagula kope la chikuto chofiira n'kuyamba kulemba ulendo wawo. Nthawi anasankha ya kumayambiriro kwa chilimwe, mwera utaleka, nyanja itagona, dzuwa lisanafike poipa, mvula ikadali kutali. Analemba kuti adzanyamuka Lachitatu, kukagona ku Liwonde kuti akaone mvuu mu Shire. Lachinayi Mangochi, Lachisanu kukwera sitima. Masiku atatu pa Likoma, awiri pa Chizumulu, kenako kutsikira pa Nkhata Bay. Akatero kukwera kumtunda, Mzuzu, Khondowe kukaona mathithi a Manchewe, n'kubwerera chodzera ku Dedza kukaona zojambula za m'mapanga. Chaka chilichonse ankafunsa anthu ochokera kumeneko n'kukonza zimene zasintha. Nyumba yogona alendo ikatsekedwa ankaifufuta n'kulemba ina. Analembamo ngakhale mbali ya sitima yoyenera kukhala kuti munthu ayambe kuona chilumba chikamatulukira.

Alamu anga analibe chaka chosowa chifukwa. Chaka chino mwana ali pasukulu. Chaka chino denga likudontha. Chaka chino tidikire ndipume pantchito. Atapuma, inakhala miyendo. Komatu iwowo ku Mangochi ankapita kangapo pachaka ku misonkhano ya kuntchito, n'kubwerako ndi utaka wouma m'pepala, kuwapatsira achemwali ngati awabweretsera nyanja yonse.

Ine ndinawasokera diresi la ulendowo, la buluu la timaluwa toyera. Anati likhale kushopu kwanga kuopa kuti angalivale kutchalitchi n'kulikalambitsa. Chaka ndi chaka ankabwera kudzaliyesa. Zaka zambiri ndinkalikuza. Chaka chomaliza ndinalichepetsa kawiri, chifukwa khansa inali itawadya.

Anamwalira mu February. Kutatsala masiku atatu, ali pabedi la kuchipatala, anatulutsa kope lija pansi pa pilo n'kundipatsa kuti ndiwasungire. Ndinalitsekera m'kabati ya kushopu, kiyi ndinkayenda naye pachingwe m'khosi.

Mu August, manda a achemwali akadali mulu wa dothi wopanda chiliza, alamu anatulukira kushopu atavala malaya atsopano. Tinali titamva kale kuti atenga mayi wina wa ku Balaka, dzina lake Delifa, wamasiye wogulitsa kaunjika. Anakhala pabenchi, anafunsa za moyo, anayamikira nsalu zimene zinali patebulo. Kenako anati dokotala wawauza kuti azipitidwa mphepo, ndiye aganiza zopita ndi mayi wa kunyumba ku Likoma kumayambiriro kwa October.

"Alamu, kope lija la akulu anu muli nalo, eti? Mundibwereke. Munthu uja ankadziwa kukonza zinthu. Kuyambiranso kufunsafunsa n'kutaya nthawi."

Ndinaimitsa makina. Ndinawayang'ana kufuna kuona ngati pankhope pawo pali manyazi ngakhale pang'ono. Panalibe. Ndinawauza kuti kope limenelo adzalipeza tsiku limene ine ndidzaikidwe, ndipo atuluke ndisanalankhule zimene mwana wa amayi anga sayenera kulankhula kwa munthu wamkulu. Anatuluka akupukusa mutu ngati wolakwa ndine.

Patapita masiku awiri anandiimbira foni mokondwa, kundithokoza kuti ndasintha maganizo. Ndinafunsa kuti maganizo ake ati. Anati kope lafika, mayi amene ndinamutuma analisiya kwa a Delifa masana a dzulo lake.

Ine sindinatume munthu. Ndinatsegula kabati ndi kiyi amene anali m'khosi mwanga. Loko anali bwinobwino, zonse zinali m'malo mwake, koma kope munalibe. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako ndinatembenukira kukhoma kumene ndinkapachika diresi la buluu lija. Panatsala msomali wokha ndi pepala la pulasitiki limene ndinkaliphimbira, litapindidwa bwino n'kuikidwa pampando.

Sindinauze munthu. Ndinganene zoona, mantha anabwera pambuyo. Choyamba kubwera chinali kamtima kokoma.

Mwezi wa September unayamba, kutentha kunayamba kukwera, mitengo ya jakaranda ya m'tauni inachita maluwa. Nkhani za kunyumba kwa alamu zinkandipeza ndili pamakina, poti Chinamwali sasunga chinsinsi. Wakabaza wina wachikulire, amene ankawanyamula alamu kupita kumsika, anayamba kuwakana. Anauza anzake kuti bambo amenewo masiku ano akulemera ngati anthu awiri, ndipo pokwera chitunda amamva wina akupuma kumbuyo kwawo. Mayi wogulitsa tomato pamphambano anati anawaona akudutsa dzuwa lili paliwombo, iwo atavala nsapato zachikopa, koma kumbuyo kwawo kukumveka patapata. Anthu ankaseka pokamba, koma alamu akamadutsa ankaitana ana kulowa m'nyumba.

Tsiku lina masana, pakhomo pa shopu panaima mayi wamfupi, wonenepa pang'ono, maso ofiira ngati wosagona. Anagwada pakhomo pomwepo n'kunena kuti ndi Delifa. Ndinali ndisanamuonepo pafupi. M'mutu mwanga ndinali nditamujambula ngati nkhandwe, koma amene anagwada apoyo anali mayi wamba wotopa, zidendene zong'aluka ngati zanga. Sindinamupatse mpando. Anadzikhalira pansi, pa zidutswa za nsalu.

Anayamba ndi kupepesa. Anati pokwatiwa anauzidwa kuti mayi wa pakhomopo anamwalira kalekale, ndipo zithunzi zonse anapeza zitachotsedwa. Za ulendo anauzidwa kuti ndi maganizo a bambo. Anadziwa zoona atatsegula kope n'kuona kuti malembo ndi a munthu wamkazi, ndipo tsamba loyamba linalembedwa chaka chimene iye anali asanathe msinkhu.

Kenako anandiuza zimene zinkachitika. Alamu ataimba foni kunyumba yogona alendo ya pa Nkhata Bay imene inali m'kope, anawayankha kuti chipinda chinasungitsidwa kale. Mayi Makwinja anaimba sabata yatha, anapempha cha zenera loyang'ana kunyanja. Anaimba ku Likoma, yankho lomwelo. Ku Khondowe, lomwelo. Alamu anamukalipira Delifa kuti akuchita zinthu mwamseri, koma iye foni yake inali itafa mwezi wathunthu.

Nkhani ya sutikesi ndi imene inamubweretsa. Anati akalongedza zovala zake ndi za bambo, akapita kukasamba kapena kukatunga madzi, pobwera amapeza zake zonse zatulutsidwa, zapindidwa bwinobwino n'kusanjidwa pampando. Za bambo zokha zili m'sutikesi, ndipo mwawonjezedwa zimene iye anaiwala, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, chipewa, juzi ya ku Khondowe kozizira. Anayesa katatu. Kachitatu anakhoma chitseko cha kuchipinda n'kukhala pakhonde kuyang'anira. M'nyumba munalibe munthu. Anamva zipi ya sutikesi ikutseguka pang'onopang'ono, ngati wotsegulayo sakufuna kudzutsa mwana.

Ndinamufunsa za mayi amene anabweretsa kope. Anati anaima pageti dzuwa likuswa mtengo, anakana kulowa. Nkhope sanaione chifukwa anafunda ambulera yakuda motsitsa. Anangoona dzanja lowonda kwambiri, mphete ikugwedera pachala. Sanapereke moni. Anangofunsa ngati bambo adya, ndipo Delifa atayankha kuti adya, mayiyo anatembenuka n'kumapita. Pamene anaimapo panatsala fungo la dothi lonyowa, mu August, patatha miyezi inayi mvula italeka.

"Mayi, ndiuzeni chochita," anatero Delifa. "Ine sindinabe ulendo wa munthu. Sindinkadziwa."

Ndinkafuna ndimuuze kuti apite, akaone zimene zikamuchitikire pakati pa nyanja. Mawuwo anafika pakamwa. Koma ndinakumbukira kuti zovala zake zija sizinatayidwe panja, sizinang'ambidwe, zinapindidwa mwaulemu. Achemwali analibe naye mlandu. Ndinamuuza kuti akwere basi ya ku Balaka tsiku lomwelo, asadikire kutsanzika. Anapita kukatenga katundu wake, anapeza ali m'thumba kale, thumba lili pakhonde.

Alamu anabwera kushopu madzulo ake akutukutira. Anati ine ndi amene ndawathamangitsira mkazi, ndinalemba ganyu munthu woti aziwaopseza, akazi a mtundu wathu ndi anjiru kuyambira kale. Anati iwo ndi mkulu wa mpingo, za mizimu sakhulupirira, ndipo ulendo apita okha kuti Chinamwali yense aone. Polankhula zonsezo sanakhale pansi, ndipo ankangotembenukira kumanzere kwawo ngati pali ntchentche.

Lachitatu loyamba la October ndinapita kudepoti mamawa kukatumiza zovala za ukwati ku Liwonde. Ndinawapeza ali m'basi kale, atakhala mpando wa m'kati, wa pazenera uli wopanda munthu. Basi inadzaza. Anthu anaima m'kanjira, mayi wina wobereka mwana anaima pambali pawo penipeni, koma palibe amene anapempha mpando uja. Kondakitala, amene anthu ngati iye amakhazika anayi pa mpando wa awiri, anadutsapo kawiri osanena kanthu.

Alamu anandiona pazenera. Ukali wa tsiku lija unali utatha. Nkhope inali yotuwa, manja atagwira kope lofiira pamiyendo. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kundiitana, koma zenera linatsekeka, ndipo dzanja lawo silinasunthe pakope. Basi inanyamuka.

Masiku amene anali kuulendo ndinagwira ntchito ngati wamisala. Ndinkadikira foni ya uthenga. Ndinkaganiza kuti ndimva zoti bambo wina wagwa m'sitima, kapena waterereka pa mathithi. Mulungu andikhululukire, ndinali nditasita kale nsalu yovala pamaliro.

Anabwera tsiku lenileni limene linalembedwa m'kope. Anafika kushopu cha m'ma 3 koloko masana, sutikesi ili m'manja, asanapite n'kunyumba komwe. Thalauzi linkawagwa. Anakhala pabenchi osapatsidwa, anapempha madzi, anamwa makapu atatu.

Anandiuza okha, ine osafunsa. Anati ulendo wonse unayenda monga mwa kope, osaphonya ngakhale ola. Kulikonse kumene ankadya, ankawabweretsera mbale ziwiri iwo asanaitanitse, ndipo akati ali okha, woperekerayo ankangoseka ngati akumva nthabwala. M'sitima mayi wina wa ku Chizumulu anawayamikira kuti ndi bambo wabwino, amuna ambiri satenga akazi awo paulendo. Pa Nkhotakota anaganiza zotsika n'kubwerera pa basi, koma miyendo inakana kudzuka pabenchi mpaka sitima inanyamukanso. Pa Likoma anayenda paliponse pamene panalembedwa, m'tchalitchi, pansi pa milambe, pamchenga. Mchengawo ankaopa kuuyang'ana akacheuka, kuti angaonepo mapazi a anthu awiri.

Ndinafunsa ngati achemwali anawaona. Anati maso ndi maso ayi. Nthawi zonse anali kumanzere, pamene diso limathera, kabuluu chabe. Akatembenuka, palibe. Akayang'ana kutsogolo, alipo.

Pamenepo mtima wanga unasweka, ndinaiwala kuti ndimadana nawo. Ndinasiya makina n'kukhala nawo pabenchi. Ndinafuna kumva chinthu chimodzi chokha.

"Nanga anakondwa? Chilumba chija chikutulukira, anachiona? Madzi aja anapondamo?"

Alamu anapukuta kapu ndi chala.

"Alamu, sanaone chilichonse," anatero. "Chilumba chikutulukira anthu onse anathamangira mbali imodzi, iwo sanatembenuke. M'tchalitchi, pa mathithi, m'mapanga, chimodzimodzi. Masiku onsewa ankangoyang'ana ine. Ndikatsokomola ankasendera pafupi. Ku Khondowe ndinadzuka ndili wofunda bulangeti limene ndinalisiya pampando."

Ndinadzuka pabenchi. Ndinali ndikuyembekeza kumva kuti achemwali anawazunza alamu, anawalipsira zaka makumi atatu zija. Kapena kuti anawasiya pagombe n'kulowa m'madzi awo oyera aja, osabweranso. Zonsezo ndikanazilandira.

Alamu anapitiriza. Anati basi itaima padepoti ya Zomba, mpando wa pazenera unapepuka iwo asanadzuke. Anamva patapata akutsika masitepe, n'kulowera njira ya ku Chinamwali, mofulumira, ngati munthu amene wakumbukira kuti anasiya ntchito kunyumba. N'chifukwa chake anayamba kudzera kwa ine. Anandipempha, misozi ili m'maso, kuti ndiwalole agone m'shopu ngakhale masiku awiri okha.

Ndinawanyamulira sutikesi n'kuiika panja. Ndinawauza kuti kwawo akukudziwa.

Papita zaka zinayi tsopano. Alamu ali moyo, ananenepanso. Sanakwatirenso, poti palibe mkazi amene amagona m'nyumba imeneyo kawiri, koma sakuoneka ngati munthu wosowa womusamala. Malaya awo amakhala ositidwa, kolala yoyera. Mantha aja anawathera. Amauza anzawo pabawo kuti munthu amazolowera, ndipo amanena akuseka. Chiliza sanamange. Ndinamanga ndine ndi manja osokawa.

Njira yanga yopita kushopu imadutsa kuseri kwa mpanda wawo. M'mawa uliwonse pabwalo pamakhala posesedwa bwino, mizere ya tsache ili yokhota ngati mamba a nsomba, mmene amayi anatiphunzitsira tili ana. Alamu sanagwirepo tsache chibadwire.

Tsiku lina chaka chatha ndinalawira kuposa masiku onse, dzuwa litangotuluka. Ndikudutsa ndinamva tsache kuseri kwa mpanda. Ndinaima. Mpandawo ndi wa maudzu, uli ndi mipata, koma sindinasuzumire. Ndinangoyandikiza pakamwa n'kulankhula motsitsa.

"Achemwali, ndine Lufina. Zisiyeni izi. Mwagwira zokwana. Pitani mukapume."

Tsache linaima. Kunakhala zii, ngakhale nkhuku sizinalire. Ndinadikira, ndikuganiza kuti mwina andimvera, kamodzi kokha pa moyo wawo ndi pa imfa yawo.

M'nyumba alamu anatsokomola, n'kuitana kuti madzi osamba atenthe msanga.

Tsache linagwa pansi. Patapata analowera kukhitchini.